Tsiku Limene Njinga Zathu Zonse Zinadwala

Alamu anga, amene msewu wathu wonse unkawatchula kuti a Katatu, sankatha kudutsa njinga yodwala. Munthu wodwala ankamudutsa bwinobwino, n'kungomulozera kuchipatala. Koma akangomva buleki ikukhula tayala, ankaima ngati wina wawakoka malaya kumbuyo. Ankatha kuimitsa munthu wosamudziwa pakati pa msewu. "Tatsikani kaye, bambo. Simukumva kuti mnzanuyo akulira?" Pa ukwati wawo ndi achemwali anga anafika mochedwa manja ali bii ndi girizi, chifukwa panjira anakumana ndi wina tcheni chitamugwera. Pazithunzi zonse za ukwatiwo, dzanja lawo lamanja lili kumbuyo.

Shopu yawo yokonzera njinga inali kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi telala. Ine ndinkakhala m'chipinda chapamwamba pake, choncho zonse ndikuuzanizi ndinaziona ndi maso angawa, zambiri ndisakufuna.

Dzina la Katatu linabwera imvi zitayamba kale. Dokotala anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, n'kuwauza kuti aziyendako pang'ono madzulo. Tsoka ilo, sabata yomweyo kushopu kunabwera bambo wina woonda ngati sipoko, atanyamula njinga yopepuka yoti n'kuinyamula ndi chala. Iyeyo ndi amene anawauza za mpikisano wa zinthu zitatu. Umayamba kusambira mtunda woti ngakhale bakha angadandaule. Ukatuluka m'madzi umakwera njinga kuyambira m'mawa mpaka masana. Ukatsika umathamanga mtunda umene anthu anzeru amakwerera basi. Zonsezo tsiku limodzi, popanda wina wokuthamangitsa.

"Adokotala anati ndizilimbitsa thupi," anatero alamu pouza akazi awo.

"Anati muziyenda, bambo. Kuyenda. Kuchoka pano kukafika pagolosale."

"Amenewo ndi malangizo a anthu wamba."

"Nanga kusambirako mumadziwa?"

"Ndiphunzira. Nsomba inapita kusukulu iti?"

Anayambadi kuphunzira, koma pamtunda. Ankachotsa masipanala patebulo logwirira ntchito n'kugonapo chafufumimba, miyendo ikupalapata m'mwamba, nkhope akuiviika m'beseni lomwe ankayeseramo machubu obooka. Wometa anasuzumira tsiku lina n'kundiitana. "Tabwera udzaone, alamu ako abooka penapake. Taona thovu likutulukalo. Tenga zomatira."

Atakhutira ndi beseni anasamukira kudamu la kumapeto kwa tauni. Achemwali anandilamula kuti ndizipita nawo monga wowapulumutsa, ine amene madzi ndimawadziwa a m'kapu okha. Ndinkaima m'mphepete nditagwira chubu cha galimoto chomangirira chingwe, ndikupemphera kuti ndisafunike. Masabata oyamba ankamwa kwambiri kuposa kusambira. Wometa ankalumbira kuti damulo linaphwerako ndithu chaka chimenecho, ndipo dzuwa linalibe mlandu.

Koma chimene chinatisowetsa mtendere tonse ndi chimene ankachitcha kusintha. Ankati mpikisano umenewu munthu amaupambanira pochoka m'madzi kupita panjinga. Ndiye m'mawa uliwonse ankaima pakhomo pa shopu atavala chovala chothina chimene telala anawasokera, chimodzi chokha kuchokera m'khosi mpaka m'mawondo, chosabisa chilichonse chimene Mulungu anawapatsa. Achemwali ankawakhuthulira ndowa ya madzi pamutu, iwo n'kuthamanga opanda nsapato, kuvala chipewa cholimba, kulowetsa mapazi m'nsapato, kudumphira pachishalo n'kukuwa kuti, "Njira!" Amayi opita ndi ana kusukulu anayamba kudzera msewu wakuseri. Tsiku lina anaiwala kuvula magalasi osambirira, magalasiwo n'kuchita nkhungu, mwakuti anakalowa ndi njinga yomwe m'shopu ya telala. Anatulukamo atakolekera diresi la mkwatibwi pamahandulo.

Panjinga anali katswiri, kupatula vuto limodzi. Ankanyamuka akulonjeza kuti azungulira tauni yonse kangapo osaponda pansi, n'kubwerako masana atangofika pamsika, atakonza njinga za anthu theka la msewu. "Ndikanatani?" ankatero. "Munthu wamangirira keriyala ndi nsanza. Ndidutse?"

Tinaseka miyezi yambiri, mpaka tsiku limene kuseka kunatha. Kunali dzuwa loswa mtengo. Anatsika panjinga n'kuyamba kuthamanga monga mwa nthawi zonse, koma pobwerera anangofika pakhomo pa wometa n'kukhala pansi pang'onopang'ono, nkhope itatuwa, dzanja lili pachifuwa. Wometa anasiya kasitomala atamumeta mbali imodzi n'kuwanyamula.

Dokotala sanazungulire. Analankhula ine ndi achemwali tili pomwepo. "Kusambira mofatsa ndi kupalasa njinga, mtima wanu ukulolera. Koma mukaonjezapo kuthamanga mtunda umenewo padzuwa, mtimawu udzaima inu musanafike."

Alamu anayang'ana pansi. "Ndauza kale msewu wonse, adokotala."

"Msewu sudzakuikirani mtima wina."

"Nambala yanga ya mpikisano anandipatsa kale."

Achemwali analira njira yonse yobwerera. Ine ndinachita mantha enieni, ndipo ndinakwiya nawo bambo amenewa kuposa mmene ndinakwiyirapo ndi munthu. Tinawabisira nsapato zothamangira, iwo n'kuthamanga ndi majombo a mvula. Tinawabisira njinga, koma kubisira njinga munthu wokonza njinga n'kutaya nthawi. Pofika madzulo anali atalumikiza ina kuchokera ku zitsulo za kuseri kwa shopu, ndipo ankati imathamanga kuposa yoyambayo.

Chipulumutso chinabwera ndi yemwe anabweretsa vutolo. Bambo woonda uja anabwera kudzalimbitsa masipoko alamu atapita kudamu, ndipo achemwali anamukalipira mpaka anavula chipewa. Podziteteza ananena kuti, "Mayi, mwina sadzafika n'komwe pothamangapo. Amene wachedwa panjinga, nthawi yoikika ikakwana amamuvula nambala. Samulola kupitiriza."

Achemwali anasiya kukalipa. Kenako anatembenukira kwa wometa, amene ankamvetsera ali pakhomo lumo lili m'manja.

"Achimwene, njinga yanu ili bwanji?"

"Ili bwino kwabasi, mayi. Anaikonza ndi amuna anu omwe."

"Ndiye mukaiwononge."

Tsiku la mpikisano tinafika kudamu dzuwa likungotuluka. Anthu analowa m'madzi ngati mbuzi zothawa mvula, ndipo mitu yonse inkafanana. Ena anatuluka, enanso anatuluka, a Katatu osaoneka. Achemwali anandifinya mkono mpaka unachita dzanzi. Potsiriza anatulukira ali pakati pa omalizira, akutsokomola, koma ali moyo. Ndiyeno ndowa zonse zija zinabala zipatso. Anzawo akulimbana ndi masokosi, iwo chipewa, nsapato, chishalo, "Njira!" Anthu osawadziwa n'komwe anaomba m'manja, ndipo ngakhale ine ndinanyadira, sindikana.

Telala ndi amene anali woyamba pa chiwembu chathu. Anaima m'mphepete mwa msewu pamtunda woyamba, njinga ataigadabuza, tcheni chikulendewera, nkhope ngati wamasiye. Alamu anamudutsa mutu uli pansi. Telala akuti mtima wake unagwa. Kenako anamva buleki ikulira kutsogolo.

"Wachita chiyani nayo iwe?"

"Tcheni changoduka chokha, achimwene."

"Palibe chimaduka chokha! Gwira apa."

Atamaliza pamenepo anapeza wometa, tayala lake likuvina chifukwa anali atamasula masipoko. Atadutsa wometa anapeza mayi wogulitsa ndiwo zamasamba, chishalo chili m'manja. Kenako anapeza ine ndi njinga ya achemwali, nditaiphwetsa n'kuzula vavu. Ndinayesetsa kuoneka wosowa chochita, zimene kwa ine sizovuta. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tayala, n'kupukusa mutu. "Alamu, inu njinga simuiyenera. Muziyenda wapansi."

Patsogolo pang'ono panaima dokotala mwiniwake, atavala chipewa chachikulu chobisa nkhope, atagwira kanjinga ka mwana wake kamaluwamaluwa. Ndipo popeza opikisanawo ankazungulira njira yomweyo kawiri, telala anadulanso tcheni chake n'kukaima pamalo ena. Zinthu zinatikulira pamene anthu ena osadziwa za chiwembu chathu anamva kuti mumpikisano muli mkulu wina wokonza njinga. Anayamba kutuluka nazo m'nyumba zawo, zina zoti zinasiya kuyenda ana awo asanabadwe. Pamphambano pena panachita kukhala mzere.

Anafika potsikira njinga dzuwa litapendeka, manja ali bii ngati tsiku la ukwati. Mtsikana woyang'anira mpikisano anawaimitsa mwaulemu. "Pepani bambo, nthawi yatha." Anawavula nambala.

Alamu anaponya chipewa pansi. Anatitukwana tonse, anatukwana njinga zathu, anati msewu wathu ndi wa anthu osadziwa kusamala chitsulo. Achemwali ankapukuta misozi n'kumati, "Zachisoni, bambo, zachisoni kwambiri," kwinaku akunditsina m'nthiti chifukwa cha chimwemwe. Ine ndinakhala pansi pamiyala n'kupuma mpweya umene ndinali nditaugwira kwa miyezi. Sindinasangalalepo ndi kulephera kwa munthu ngati tsiku limenelo.

Sanalembetsenso mpikisano wina. Ankati sangadalire msewu wa njinga zowola. Kusambira anapitiriza, ndowa ya m'mawa anapitirizanso chifukwa ankati imatsegula mutu, ndipo madzulo ankayenda ndi akazi awo kukafika pagolosale. Aliyense wobwera kushopu ankamufotokozera mmene akanapambanira. Chaka chilichonse nkhaniyo inkakula, mpaka inafika poti anali patsogolo pa onse pamene telala anawasokoneza. Ife tinkangovomera ndi mutu.

Panadutsa zaka zambiri. Masana ena ndinakhala nawo m'shopu, iwo akupala chubu kuti amate. Tsitsi linali litayera lonse. Osadzutsa mutu anandifunsa, "Alamu, vavu ija munaitaya kuti?"

"Vavu iti?"

"Ya njinga ya achemwali anu. Munaizula ndi pulayala yanga, n'kuibweza pamalo olakwika. Telala tcheni anachidula ndi chodulira mawaya. Wometa anamasula masipoko a mbali imodzi yokha, ngati mmene amametera. Njinga zonse zija zinadutsa m'manja mwangamu. Mumayesa sindingadziwe ana anga?"

Ndinawafunsa kuti, "Nanga munaimiranji?"

Anaika chubu pabondo. "Nditatuluka m'madzi muja, mtima unkagunda kukhosi kuno. Ndinadziwa kuti adokotala sananame. Koma munthu woti wauza msewu wonse, angatsike bwanji yekha panjinga? Ndinkapalasa ndikupempha Mulungu kuti andionetse njinga yodwala. Nditaona telala ndinatsala pang'ono kumupsompsona." Anaseka mpaka kutsokomola. "Koma achemwali anu musawauze. Amanyadira kuti anandipusitsa."

Anatisiya chaka chatha, atakalamba, ataona zidzukulu zikukwera njinga popanda wozigwirira. Sanagwere pamsewu padzuwa, nambala ili pachifuwa. Anali pampando wawo m'shopu, chubu chili pabondo, akudikira kuti zomatira ziume, ndipo anangogona. Tinalira, inde, koma ndinamva achemwali akuuza dokotala kuti, "Apita ali pamthunzi," ndipo dokotalayo anavomera ndi mutu ngati munthu amene watula katundu.

Patapita masabata angapo ndinalephera kusunga chinsinsi, ndinawauza achemwali zonse. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Iwe, ukuyesa sindinkadziwa? M'mawa wa tsiku limenelo ndinawaona akumangirira pampu yaikulu ndi thumba lonse la masipanala pansi pa chishalo. Munthu wopita kukapambana amanyamula zimenezo? Anatiyembekezera. Ndinangowasiya kuti azinyadira kuti anandipusitsa."

Tsopano shopu ija ndi yotseka. M'mawa ndimagona mpaka tulo titandithera, palibe wokuwa kuti "Njira!" ndipo amayi a ana asukulu anabwereranso mumsewu wathu. Ndowa ija achemwali amathirira maluwa. Mtendere umene ndinkaupempha zaka zonsezo ndaupeza, ndipo ndi wotopetsa. Njinga za kuno zayamba kulira, mabuleki akukhula, makeriyala akumangidwanso ndi nsanza. Ikamadutsa ina yolira kwambiri, wometa amaimitsa lumo, telala amachotsa phazi pamakina, ine ndimasuzumira pawindo, ndipo tonse atatu timapezeka tikuyang'ana chitseko chotseka chija, kudikira kuti wina atuluke adzaiimitse.