Pansi pa Lumo la a Mwinimoyo

Pamsewu wathu panali bambo ena ometa amene ankanena poyera kuti iwo ndi Mulungu, moti tinkangowatcha a Mwinimoyo. M'mawa uliwonse asanatsegule chipinda chawo chometera, ankagwada patsogolo pa galasi lawo lalikulu n'kudzithokoza okha chifukwa chotulutsa dzuwa. Tikanatha kuwaseka, koma ndevu ankameta ndi lumo lakale lija lopinda, ndipo dera lonselo panalibe wodziwa kumeta ngati iwo.

Chiphunzitso chawo chinali chachidule. Ankati Mulungu ndi amene angathe kukupha koma n'kukusiya. Ndiye akakupaka thovu n'kukugoneka chagada, lumo lili pakholingo penipeni, ankafunsa motsitsa mawu:

"Moyo wa lero wakupatsa ndani?"

Aphunzitsi ankayankha msanga. Wapolisi wina wamatama anayankha mpaka kawiri. Ine, mkulu wa mpingo wathunthu, ndinalumbira kunyumba kuti sindingagwadire munthu wotsala ndi mano atatu. Koma chitsulo chozizira chija chitandikhudza, lumbiro lija ndinaliiwala. Ndinaopa, abale, ndisaname.

"Ndinu, bambo," ndinanong'ona.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ndinkakana Mlengi wanga, Lamulungu n'kukalapa ndili wosalala bwino. Mkazi wanga ankati ndingosunga ndevu, koma zangazi zimamera zigambazigamba.

Kenako ukalamba unawapeza, dzanja n'kuyamba kunjenjemera. Makasitomala anathawa mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Kuwasiya ndinkachita manyazi, kupita ndinkachita mantha, moti pochoka pakhomo ndinkatsanzika ana ngati wapaulendo. Tsiku lina lumo linaterereka. Kanali kabala kakang'ono pansi pa chibwano, koma magazi anayenderera pathovu loyera lija. Nditayang'ana m'galasi ndinaona kuti iwo akuopa kuposa ine.

"Sindinafune ayi," anatero. "Ndiye ngati si ine, zaka zonsezi dzanja ili ankaligwira ndani?"

Yankho ndinali nalo, ndi ntchito yanga monga mkulu wa mpingo, koma lumo linali likadali m'dzanja lawo. Anandipukuta bwinobwino, napinda lumo, ndipo chipinda chometera chija sanachitsegulenso. Patangotha mwezi tinawaperekeza kumanda.

M'chipinda muja tsopano muli makina amagetsi ndi wometa amene amakumeta maso ali pafoni. Palibe kasitomala amene amatuluka thukuta. Ndimawasowa a Mwinimoyo, ndipo ndikuopa kuvomereza izi: chichokereni iwo, sindinapempherenso ndi mtima wonse ngati mmene ndinkapempherera chamumtima pampando wawo.