Umboni Wopita Nawo kwa Ajibu

Lolemba

Ajibu, mwini bwato. Ndiyambe ndi dzina lake. Ndiye adanditsitsa m'bwato ku Mbenji tili anyamata, asodzi onse akuona, ati ndine waulesi poti popalasa sindinkapinda mwendo. Adanditcha Sapinda. Dzinalo lidandimata mpaka lero.

Tsopano dokotala wa ku Joni, kumene mwana wanga Esinati adanditengera, wapeza chifukwa: fupa la ntchafu lidali ndi kanundu kamene kankagunda m'chiuno ndikati ndipinde. Adakachotsa, masabata atatu apitawo. Lamlungu ndikupita ku Khombedza kwa Ajibu. Zotenga:

1. chipsera
2. fupa lochotsedwalo
3. chithunzi cha m'kati mwa chiuno
4. miyendo yanga, popanda ndodo zachipatala

Lachiwiri

Ndamatula pulasitala. Timabowo tiwiri! Ulendo wonse wa pandege uja, timabowo tiwiri ngati poluma nkhupakupa. A Chisale, oyandikana nawo nyumba, abwera kudzandizonda. Ayang'ana, asendera pafupi, ayang'ananso. Kenaka akweza malaya kundionetsa chipsera chawo cha pamimba, chotalika ngati lamba. "Opaleshoni ndi uyu, achimwene. Inuyo adangokutemerani mphini."

Nambala 1 ndafufuta.

Lachitatu

Ndaimbira Esinati kufunsa thumba limene adaikamo fupa. "Ababa, fupalo sadula. Amalowetsa kamakina pa kabowo n'kulipala, fumbi lake amatsuka ndi madzi."

Madziwo adapita kuti? Sakudziwa. Umboni umene ndausenza moyo wanga wonse uli m'ngalande za ku Joni.

Lachinayi

Chithunzi. Amake Esinati akuti ndi chinangwa chosenda. A Chisale akuti mwezi. Ine mwini wake sindikudziwa kumwamba kwake ndi kuti, ndachitembenuza kanayi. Nkhope yanga palibepo. Ajibu adzati ndachitola pamsika.

Yatsala miyendo.

Lachisanu

Pepala la kuchipatala likulamula izi: kugona chafufumimba, kufinya matako kakhumi, kupalasa njinga yosayenda. Munthu wamkulu, mdikoni wa mpingo, kufinya matako mochita kuwerenga! Njinga ndaikweza pa sitandi pakhonde, ndikupalasa. Amayi opita kudimba akufunsa ngati ku Maganga ndafika bwino.

Pepalalo likutinso ndodo ndisasiye. Pepala silimudziwa Ajibu. Ndaziika pansi, ndayenda ndekha mpaka pa bwemba wa kumsewu. Pobwerera achita kundigwirira, amake Esinati mbali iyi, a Chisale mbali inayo. Anthu ochuluka. Palibe waona popita paja.

Loweruka

Chiuno chatupa, chikutentha. Esinati wandikalipira pafoni ngati wobala ndiye. Ati kupinda bwinobwino kumadza pakatha miyezi, ndipo pa msinkhu wangawu mwina osafika penipeni. Pokwera ndege izi sadanene.

Amake Esinati apita kumsika ku Khombedza, akumana ndi Ajibu akusankha ulusi wosokera ukonde. Ndidawauza kuti asanene kanthu. Anena zonse. Uthenga wake: "Alhamdulillah! Mukampatse moni Sapinda. Kani ankadwala?"

Kani ankadwala!

Lamlungu

Sindikupita. Kutchalitchinso ayi, benchi ndi lalifupi. Ndakhala pampando wautali, ndodo zili pambali, zonse ziwiri.

Chimodzi ndivomere: ululu wakale uja wa m'mphechepeche, wobaya ngati mbedza ndikawerama, sindikuumva. Umene ulipowu ndi wina, wodzipatsa ndekha Lachisanu. Koma chinthu chimene kulibe sungakwere nacho minibasi kukaonetsa munthu.

Kupepesa kwake sindikufuna, mkamwa mwake mulibe kale mano opepesera. Ndisanafe, Ajibu aimirire pagombe m'mawa mabwato akukocheza, anthu atadzaza, anditane kamodzi kokha ndi dzina limene adandipatsa bambo anga. Ngati adaliiwala, afunse.