Mayi Amene Anafa Asanakwere Sitima

Kwathu ku Kilbride Creek, munthu amene ankaphika buledi wokoma kuposa wina aliyense anali womwalira. Sindikunena za mizukwa ayi. Ndikunena za Mayi Honora Mulqueen, mayi wamfupi wa mikono ngati ya wosula zitsulo, amene ankauza aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna yemwe, kuti iwo anafa kalekale ku Ireland ndipo maliro awo anayenda bwino kwambiri.

Nkhani yawoyo inali ndi mutu wake. Masiku amenewo munthu akamakwera sitima kubwera kuno ku Australia, abale ake ankadziwa kuti sadzamuonanso, choncho ankamulira maliro mwini wakeyo ali pompo, akudya nawo. Ambiri mwa makolo athu anawalira chomwecho, koma atafika kuno anaiwala n'kumangokhala ngati amoyo. Mayi Honora okha ndiwo anakana kuiwala.

"Nkhumba ziwiri anapha," ankatero uku akukanda ufa m'nyumba yawo yodyeramo alendo. "Oimba vayolini atatu. Amayi analira mpaka ng'ombe za mudzi woyandikana nawo zinakana kutulutsa mkaka. Ndiye mukuti ine ndiope chiyani? Munthu safa kawiri."

Amuna awo, a Thady, anali woyendetsa ngolo, wamtali, woonda, ndipo ankaopa chilichonse kuyambira mabingu mpaka atsekwe. Anakumana kumigodi ya golide, kumene Honora ankachapa zovala za okumba. Tsiku lina njoka inalowa m'tenti momwe munali amuna adzitho okhaokha, ndipo onse anatuluka liwiro la mtondo wadooka. A Thady okha anatsala, osati chifukwa cha chamuna, koma miyendo inakana. Honora analowa, n'kuiphwanya mutu njokayo ndi simbi yositira, n'kufunsa ngati pali wina ali ndi malaya akuda. A Thady anaona kuti mkazi wotere sapezekapezeka, ndipo anamufunsira asanasiye n'kunjenjemera komwe.

"Bambo inu, mukudziwa kuti ine ndinafa kale?"

"Ndiye bwino kumene. Simudzandisiya ndekha."

Honora anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mtunda wautali ndithu, n'kunena kuti yankho lanzeru chonchi anali asanalimvepo kwa munthu wamoyo.

Za Dinny Garvan mwina munamvapo. Ameneyu ankasowetsa anthu mtendere mumsewu wa ngolo ndi mfuti yake, mpaka tsiku limene anasochera n'kulowa m'khitchini mwa Mayi Honora. A Thady anali atabisala kale kuseri kwa mbiya ya ufa, ndipo zonse anazionera pamenepo.

"Manja m'mwamba, mayi!"

"Manja ali mu ufa, sukuona? Vula chipewa."

"Mwati chiyani? Ndikuomberanitu!"

"Uombera maliro? Amayi ako anakulera bwanji iwe, kuima pamaso pa womwalira chipewa chili kumutu? Vula msanga!"

Dinny anavula. Ankadzanena yekha pambuyo pake kuti sadziwa chimene chinamugwira. Tsiku limenelo anawaza nkhuni, anatunga madzi, anadya msuzi wa nkhosa mbale zingapo, ndipo atamaliza zaka zake kundende anabwerera kudzatsegula butchala pafupi ndi mlatho.

Amene anavutika nawo kwambiri anali Bambo Mfumu Hession. Chaka chilichonse mwezi wa Novembala, powerenga maina a omwalira m'tchalitchi, ankamva chifuwa chikutsokomola pa benchi lakutsogolo.

"Mwandidumphanso, Bambo Mfumu."

"Mayi Mulqueen, dzulo lomweli mwandigulitsa mazira."

"Nanga anali ovunda?"

Koma tisamangoseka. Chaka chimene matenda a pakhosi ankatenga ana ngati nkhuku za chitopa, anthu anatseka zitseko, mnansi kuopa mnansi mnzake. Mayi Honora ankalowa nyumba ndi nyumba, za Akatolika, za Aprotestanti, ngakhale kwa Matchaina olima ndiwo zamasamba kumtsinje. A Thady ankawatsatira atanyamula ndowa ya msuzi, milomo ikugwedera ndi mapemphero. Dokotala atawachenjeza, mayiwo anati matendawo akafune amoyo, kwa iwo achedwa. Ana ambiri amene lero ali ndi zidzukulu anapulumukira m'mikono imeneyo.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wathuyu anali nkhalamba yogontha pang'ono, dzina lake Festy Loughnane, amene mwana wake anamuitanitsa kuchokera ku Ireland kuti adzafere pafupi. Anali wa parishi imodzi ndi Mayi Honora. Nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa: tsopano timva za maliro otchuka aja kwa munthu amene analipo! Amuna anapangana zoti Lamlungu akatuluka ku Misa amutengere mkuluyo kwa Mulqueen, afotokoze zonse pamaso pa eni ake.

Sabata imeneyo buledi anapserera, kwa nthawi yoyamba chikwatirane. A Thady anapeza akazi awo atakhala pa mpando, manja ali pamiyendo, akuyang'ana khoma. Mantha ankawadziwa bwino a Thady, anali anzawo a tsiku ndi tsiku, choncho anawazindikira msanga atawaona pankhope imene sanayembekezere. Mtima unawawawa. Anangomanga hatchi ulendo kwa Festy.

"Achimwene, ndiuzeni za maliro a akazi anga."

"Ati?"

"Maliro! A Honora!"

"Maliro ati?" anakuwa Festy, poti ogontha amayesa aliyense ndi wogontha. "Chaka cha njala chija, mbatatesi zitavunda m'minda? Akanalira ndani? Bambo ake, mayi ake, alongo ake, onse anali atagona m'dzenje limodzi. Iye anachokera kunyumba ya boma ya anthu osauka, pamodzi ndi atsikana ena amasiye. Ngolo yopita nawo kudoko ndinayendetsa ndine. Kunali mvula. Amene anatiperekeza anali galu basi, nayenso anabwerera pa mlatho."

A Thady anapempha mkuluyo kuti Lamlungu akangovomereza za nkhumba zija.

"Ine mwendo wina uli m'manda, mphwanga. Bodza sindinena. Akandifunsa ndiyankha zimene ndinaona."

Pobwerera a Thady anailola hatchi kuyenda momwe ikufunira. Ankaganiza za mtsikana pa ngolo, mvula ikumukwapula, wopanda ngakhale mmodzi womugwetsera msozi, akudzipangira yekha nkhumba ndi mavayolini kuti apeze poponda. Pa nkhumba zimenezo ndi pamene panaima moyo wake wonse, ndipo Lamlungu zinali zoti zigwe pamaso pa anthu. Pofika pa mlatho, munthu woopa atsekwe uja anali atapsa mtima, ndipo mkwiyowo unabala nzeru.

Anayambira kwa Mayi Sabina Tierney, mzamba wathu. Anazungulira ngati galu wofuna pogona, mpaka mayiwo anawadula.

"A Thady, mukuyesa ndife ana? Tonsefe tinathawa njala yomweyo. Nkhumba ziwiri chaka chimenecho? Ngakhale khoswe wonenepa kunalibe."

"Ndiye mumadziwa?"

"Amayi tonse. Amuna okha ndiwo amakhulupirira, poti nkhani ya nkhumba imawakomera. Nenani chimene mukufuna."

"Ndikufuna maliro. Omwe aja, osachotsapo kanthu."

Kilbride Creek sinagwirepo ntchito ngati masiku amenewo, ndipo zonse kuseri kwa Mayi Honora. Dinny Garvan anapha nkhumba ziwiri zonenepa n'kuopseza kuti aliyense wotchula za malipiro aona Dinny wakale uja. Oimba vayolini tinali nawo awiri okha. Wachitatu anasowa mpaka Ah Sing, Mtchaina wa kumtsinje, amene mwana wake anachira m'manja mwa mayiwo, anabwera ndi vayolini yakwawo ya zingwe ziwiri, n'kunena kuti zingwe zochepa sizichepetsa chisoni. Bambo Mfumu anakana kwamtuwagalu, ati kulira munthu wamoyo n'chikunja. A Thady anaima chilili pakhomo pawo, chipewa m'manja, osachoka, mpaka wansembeyo anatopa n'kufunsa kuti mwambowo uyamba nthawi yanji.

Lamlungu Mayi Honora anatuluka m'tchalitchi akuyenda ngati wopita kukapachikidwa. Atatsegula chitseko cha nyumba yawo anangoti kakasi. Tebulo lalikulu linali litayalidwa nsalu yoyera, makandulo akuyaka dzuwa likuswa mtengo, mbale ya fodya wonunkhiza ili pakati, ndipo kumutu kwa tebulo kunali mpando wawo. Anthu anadzaza mpaka pabwalo, amuna onse zipewa m'manja.

"Wamwalira ndani m'nyumba mwanga ine osadziwa?"

"Inuyo, amayi," anatero a Thady. "Tachedwa nawo pang'ono. Khalani pansi."

Sanawalamulepo chikwatirane. Mwina n'chifukwa chake mayiwo anakhala.

Festy anaimirira, ndipo ndi mawu ake ogonthetsa m'khutu aja anayamba kutchula maina. Bambo ake a Honora, amene ankafolera nyumba za anthu. Mayi ake, amene ankaimba popota ubweya. Alongo ake, mmodzimmodzi, mpaka wakhanda amene anafa asanayambe kuyenda. Maina amenewo anali asanamveke pansi pa thambo lino. Mayi Sabina anakweza mfuu wa maliro wa ku Ireland uja, amayi ena n'kulandira, ndipo posakhalitsa aliyense ankalira akeake amene anawasiya kutsidya kwa nyanja osawaika. Dinny Garvan ankalira ngati ng'ombe. Mayi Honora analimba kanthawi, kenaka anagwira dzanja la amuna awo n'kulira kulira kwa mtsikana wa pa ngolo uja, kumene kunadikira zaka zonsezo.

Atatha, Bambo Mfumu anatsokomola, n'kunena mokweza kuti tipempherere mzimu wa Honora Mulqueen, umene ukadali m'thupi mwake ndipo ukuoneka kuti sukufulumira. Nyumba yonse inaphulika ndi phwete. Mayiwo anapukuta maso ndi epuloni, analawa nyama, n'kukwinya nkhope.

"Wathira mchere ndani nkhumbayi? Munthu kufa kamodzi kokha, n'kumudyetsa zozizira chonchi?"

Mavayolini atatu analira, aliyense njira yake, ndipo malemuwo anavina mpaka anagwetsa wansembe ndi mpando womwe. M'mawa mwake ku Kilbride Creek kunalibe mkaka. Ena amati okama anali atagona m'ngalande ndi wisiki, koma ife timati ng'ombe zinakana.

Kuyambira pamenepo mlendo akafunsa Festy ngati za maliro zija zinali zoona, mkuluyo ankamenya tebulo. "Ndinalipo! Nkhumba ziwiri, ndinadya nawo!" Ndipo anapita kumanda asananene bodza.

Chodabwitsa chinachitika patangopita masiku ochepa chichitikire mwambowo. M'khitchini munamveka kukuwa, ndipo a Thady pothamangira anapeza akazi awo ali pamwamba pa tebulo, akuloza kangaude.

"Muchotseni! Akandiluma bwanji?"

"Nanga si munafa kale, amayi?"

"Musandilankhule zopusa, bambo inu. Anthu onse aja kundilira chomwecho, ndiye ndiwasiye chifukwa cha kangaude?"

A Thady anamupha kangaudeyo ndi nsapato, ndipo anayenda chifuwa chili patsogolo mwezi wathunthu. Nkhaniyo ankaifotokoza paliponse, kangaudeyo akukulirakulira, mpaka anafika pa msinkhu wa mwana wa nkhosa.

Mayi Honora anakhala zaka zina zambiri, akuvala shawelo kukazizira ndi kumwa mankhwala a dokotala mosanyinyirika. Atadwala matenda omaliza analamula kuti pasakhale kulira, pasakhale vayolini, poti maliro awo anadya kale ndipo sakufuna obwereza. Tinamvera, chifukwa ngakhale ali m'bokosi panalibe wolimba mtima kuwatsutsa. Tinawaika mwakachetechete, m'mawa kunja kukuwala bwino. Novembala wotsatira Bambo Mfumu anafika pa dzina lawo, anaima, n'kuyang'ana benchi lakutsogolo ngati akudikira chifuwa chija. Sichinamveke, ndipo mkuluyo analephera kupitiriza.

Masiku ano nyumba yodyeramo ija ndi yotseka, ndipo buledi amene timadya ndi wa anthu amoyo, wosakoma. Kukagwa matenda timayang'anana, aliyense kudikira mnzake kuti ayambe kugogoda pa khomo la odwala. A Thady anatsala okha, chinthu chimene ankayesa kuti sichingachitike, koma sanadandaule. Ankati mkazi amene anamukwatira ali wakufa anamuika m'manda atakhala ndi moyo, ndipo ntchito yoposa imeneyo sanagwirepo.

Mukadzadutsa kwathu, mudzaona amuna akuvula zipewa pa khomo la nyumba yotsekayo, ngakhale anyamata amene sanawaonepo mayiwo. Inunso mudzavule. Simungadziwe amene akuyang'ana pa zenera, manja ali mu ufa.