Bondo la apongozi anga ndi madokotala anu awiri

Kwa Mkulu wa Nthambi ya Mafupa,
pa chipatala chathu chachikulu kuno kum'mawa kwa London

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Felton Mwafulirwa, mphunzitsi wopuma wa ku Barking. Ndalemba kudzathokoza m'malo mwa apongozi anga, Mayi Towela Nyirenda, amene bondo lawo lakumanzere mwakhala mukulisamalira kwa nthawi yaitali osalikhudza n'komwe.

Choyamba, zikomo chifukwa cha ufulu wosankha. Munatiuza kuti mayi asankhe okha pakati pa dokotala wochiza popanda mpeni ndi dokotala wa opareshoni. Ine poti ndinazolowera choko, ndinawafotokozera bwinobwino. Woyambayo amalimbitsa minofu yozungulira bondo ndi mafizo, jakisoni ndi ndodo, kuti munthu ayendebe ndi bondo lomwe anabadwa nalo. Wachiwiriyo amachotsa pomwe paperepeseka n'kuikapo chitsulo. Onse ndi akatswiri, sindikunyoza. Mayi anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa ngati ku London madokotala anasiya kudziwa ntchito, poti tsopano akufunsa odwala.

Chachiwiri, zikomo potipatsa mwayi woonana ndi onse awiri. Apa mundilole ndikuphunzitseni pang'ono za kwathu. Mayi anabwera kuno kalekale, amuna awo akuthawa ndale, koma mwambo sanausiye pa bwalo la ndege. Kuchipatala amapita atatchena ngati kutchalitchi. Munthu waulemu wake akalowa, amaimirira. Akamalandira kanthu amalandira ndi manja awiri, bondo litapindika. Ndipo mlendo samuuza za ululu. Choncho dokotala wanu wa opareshoni atalowa, mayi anadzambatuka pa mpando, n'kumuuza kuti ali bwino, kaya iyeyo. Ine ndinaona thukuta pamphumi pawo. Iye anaona kompyuta. Analemba kuti wodwala akuimirira mosavuta, opareshoni siikufunika, apite kwa anzake a mafizo. Powapatsa pepalalo, mayi anapinda bondo lomwelo, ndipo dokotala anasangalala kwambiri ndi mmene likupindikira.

Dokotala wa mafizo, mayi wodekha ndithu, anayamba ndi chithunzi cha ekisire. Anachiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti fupa likukhulana ndi fupa, apa mpofunika mnzake wa opareshoni. Tinamuuza kuti tachokera komweko. Anapepesa ndi mtima wonse. Ndiye tili ndi dokotala mmodzi amene anaona mayi osaona chithunzi, ndi wina amene anaona chithunzi osaona mayi. Zitseko zawo zayang'anizana, Bwana, koma ndamva kuti amalemberana makalata, ndipo kalata yodutsa pakhonde lanu imayenda pang'onopang'ono kuposa apongozi anga.

Chachitatu n'chaching'ono. Mayi amakhala m'nyumba yam'mwamba, ndipo lifiti yake imagwira ntchito ikafuna. Masiku ano amatsika masitepe chokhala, sitepe imodzi imodzi, ndipo amayamba atsegula chitseko pang'ono kuti aone ngati aneba palibe. Kutchalitchi anasiya. Akuti maulaliki a pa foni ndi abwino koposa, koma yunifolomu ya chigwirizano amaisitabe Loweruka lililonse. Mkazi wanga Daisy anawachonderera kuti ulendo wina akangolira pamaso pa dokotala, ngakhale pang'ono. Anamuyankha kuti, “Ndikalire pamaso pa mwana wa eni? Ndinakulera ine, iwe.” Nkhani inathera pomwepo.

Tsopano mwatilembera kuti tikapanda kusankha mwezi uno, mutichotsa pa mndandanda, tikayambirenso kwa dokotala wa m'dera lathu. Mwatichitira ulemu waukulu. Zimene zakanika anthu awiri ophunzira za mafupa, mwaona kuti zingatheke ndi mphunzitsi wa jogalafe ndi mayi wa chigwirizano.

Sindikupempha kuti madokotala anu akhale m'chipinda chimodzi; ndikudziwa kuti zimenezo n'zofunika misonkhano yambiri. Pempho langa n'lochepa. Tsiku lomwe mayi adzabwerenso, adzaimirira, adzamwetulira, adzati ali bwino. Alekeni atero. Akadzatsanzika, dokotala mmodzi, aliyense mwa awiriwo, adzachoke pa kompyuta n'kuima pa zenera. Adzawaone akamapita kokwerera basi, pomwe akuganiza kuti palibe wolemekezeka amene akuwayang'ana. Akadzaona zimenezo, adzasankhe yekha chochita ndi bondolo.

Mazenera alipo, Bwana. Ndinakhala nawo pafupi nthawi yokwanira kuti nditsimikize.

Ine wanu wogonjera, amene akudikirabe mwaulemu,

Felton Mwafulirwa
Barking