Nkhuyu za ku Ntchisi zimene ndinalonjeza amayi a kumpingo

Mukadzafika kwathu ku Msakambewa n'kuona mtengo waukulu umene wang'amba khonde la nyumba yathu, chonde musadzafunse dzina lake. Mlendo amene anafunsa komaliza anabwerera osamwa tiyi.

Ine kwathu kwenikweni ndi ku Ntchisi, kumapiri, kuno ndinabwera chitengwa. Amuna anga, bambo a Tiyamike, ndi munthu wa zipatso. Kuseri kwa nyumba kuli mango, magwafa, mapapaya, mapichesi, ndi manachesi amene amabereka chaka chimene afuna okha. Zonsezi ndimadya, sindikana, koma mtima wanga unatsalira pa mkuyu umodzi umene unali m'mphepete mwa dimba la malemu bambo anga. Nkhuyu zake zinkamera pathunthu penipeni, zothithikana, zikapsa n'kufiira. Bambo ankang'amba nkhuyu ndi zala, n'kuuzira kuti tizilombo ta m'kati tithawe, kenako n'kundipatsa osanena kanthu. (Sanali munthu wa mawu ambiri. Pakamwa ndinatengera mayi, ndipo ndinatenga ponse.) Mbalame zinkasokosera mumtengomo kuyambira m'mawa, moti ukakhala kudimba sunkamva akamakuitana kumudzi.

Bambo atamwalira, tsiku lobalalika pamaliro ndinatsikira kudimba ndekha ndi chikwanje. Ndinati dimba litsale ndi achimwene, njinga ndi mawailesi agawane ena, ine nditenge nthambi ya mkuyu basi, ndikabzale ku Msakambewa. Vuto linali loti nthambi za mkuyu zinali m'mwamba, ndipo mayi wa ana anayi, chitenje cha pamaliro chili m'chiuno, sakwera mumtengo anthu akudutsa. Ndinazungulira thunthu mpaka ndinapeza nthambi yonenepa bwino ikulendewera chapafupi, mbali ya kumtsinje. Maso anali odzaza misozi, sindinayang'anitsitse. Ndinadula, n'kupulula masamba onse, n'kukulunga kunsi kwake ndi thumba lonyowa.

Pobwerera, kondakitala wa minibasi anandifunsa ngati nkhuni zinatha ku Dowa. Zimene ndinamuyankha sindingalembe pano, ndine mayi wa mpingo.

Malo abwino pakhomo pathu anali amodzi, pafupi ndi khonde, pamene timatayira madzi otsukira mbale. Tsoka lake pamalopo panali kale peyala womezanitsa amene amuna anga anachokera naye ku Lilongwe atamufukata ngati khanda, ndipo anali atangoyamba maluwa.

"Bambo a Tiyamike, peyalayu asamuke."

"Mayi, mtengo wamaluwa susamuka. Afa ameneyu."

"Ine bambo anga afa, inu mukulirira peyala?"

Anakatenga khasu. Peyala anafadi.

Nthambi yanga inagwira. Chilimwe chimenecho mjigo unkatulutsa madzi ngati ukuchita kubwereka, koma ine ndinkaima pamzere kawiri, ndowa ina ya banja lonse, ina ya mtengo wokha. Ndinautchingira ndi minga. Mbuzi ya aneba itadya nsonga yoyamba, ine ndi aneba tinasiya kupalana moto mpaka mvula inagwa. Madzulo ndikamathirira ndinkaulankhula, kuuuza za ana, za mtengo wa feteleza, zonse zimene ndikanauza bambo akanakhalapo. Nthawi zambiri ndinkamaliza ndikulira.

Masamba atatuluka anali ang'onoang'ono, osalala, onyezimira. Tsiku lina amuna anga anaima pamenepo nthawi yaitali akukanda kumutu.

"Koma mayi, mkuyu suja umakhala ndi masamba aakulu, okhakhala?"

"Inu mikuyu ya ku Ntchisi munaionera kuti? Wasintha chifukwa cha dothi lanu loumali."

Sanabwerezenso. Apongozi anga nawo, mayi awo a bambowa, atabwera kudzauona anangoti, "Udzakhala ndi mthunzi wabwino, mwananga." Nditafunsa za zipatso anakonza duku lawo n'kunena kuti asiya nyemba pamoto. (Lero ndikakumbukira, anthu ambiri ankasiya nyemba pamoto ndikangoyamba nkhani ya mtengowu.)

Zaka zinapita, mtengo unapitirira denga, koma pathunthu panalibe ngakhale nkhuyu imodzi. Ndinautema khungwa ndi chikwanje monga timachitira ndi mango okana kubereka. Ndinaukhoma msomali. Ndinaumangirira chitsononkho ngati papaya wamwamuna. Mizu yake inayamba kutukula simenti ya pakhonde, amuna anga n'kumangoilumpha mwakachetechete. M'kati mwa zimenezi achimwene anaimba foni kuchokera ku Ntchisi kuti mkuyu wa bambo uja unauma, ndipo wagwa ndi mphepo ya mvula yoyamba. Tsiku limenelo sindinadye. Ndinakhala pansi pa mtengo wanga n'kumausisita, ndikudziuza kuti mwamwayi ndinatengako mwana wake.

Chaka chotsatira zipatso zinabwera. Sizinamere pathunthu ayi, zinamera kunsonga, pakati pa masamba, tating'onoting'ono ngati nandolo. Ine osadikira n'komwe, Lachinayi lomwelo ndinaimirira pamsonkhano wa amayi kumpingo n'kulengeza kuti akonzeke, mwezi wamawa adzapempherere kwathu ndipo adzadya nkhuyu za ku Ntchisi, osati zowawasa za m'madambo akunozi. Anayankha "amen" wotsika kwambiri, koma ndinayesa ndi nsanje.

Ndinadikira kuti tizipatso tija tikule. Sitinakule, tinangofiira tili choncho. Ndinalawako kamodzi mobisa, m'kamwa munauma ngati ndatafuna nthochi yaiwisi. Ndinadziuza kuti chaka choyamba zimatero.

Tsiku la amayi lija linafika. Tinayala mphasa pansi pa mtengo, ine ndili kalikiliki ndi mapapaya ndi magwafa a amuna anga kuti ndibise manyazi, ndikufotokoza kuti nkhuyu zachedwa pang'ono. Tili pakati pa nyimbo, panamveka njinga yamoto. Anali achimwene. Anabwera ku Dowa Boma kudzaona wodwala, ndiye anati apatukire kwa mlongo wawo, ulendo woyamba chimwalirireni bambo. Anapereka moni kwa amayi onse mmodzimmodzi, kenako anayang'ana kumwamba.

"Mlongo, kachereyu wakula bwinotu. Munamutenga kuti?"

Mayi wina anatseka buku la nyimbo.

"Achimwene, kachere wake uti? Uwu ndi mkuyu wa bambo. Ndinadula ndekha tsiku la maliro."

Anaseka mpaka anagwirira njinga kuti asagwe. Kenako anafunsa kuti nthambiyo ndinadula mbali iti. Nditanena kuti ya kumtsinje, yolendewera ija, kuseka kunatha.

"Kumeneko ndi kumene kunali kachere uja, mlongo. Mbalame zinasiya njere pamphanda, iye n'kumera pomwepo, n'kutsitsa mizu kukulunga thunthu lonse. Mkuyu wa bambo sunafe wokha. Anaufinya ndi ameneyu mpaka kuuma."

Ndinatembenukira amayi aja. Aliyense anali atapeza mwadzidzidzi vesi lofunika kwambiri m'Baibulo lake.

"Mumadziwa?"

Anayankha ndi a Nachisale, wamkulu wa tonsefe. "Mudzi wonse umadziwa, mayi a Tiyamike, ndi ana omwe. Koma inu mumauthirira mukulira. Akanakuuzani ndani? Komanso pakamwa panupo timapadziwa."

Amuna anga panthawiyi anali kuseri kwa nyumba, akupalira magwafa amene anali atapalira kale dzulo lake.

M'mawa mwake ndinatenga nkhwangwa. Zaka zonsezi ndinkasenzera madzi chigawenga chimene chinapha mtengo wa bambo anga, ndinkachiuza zinsinsi zanga, ndinachiphera peyala wosalakwa. Bambo a Tiyamike anatulukira pakhomo nkhope ikuwala kuposa tsiku la ukwati wathu.

"Ndikuthandizeni, mayi? Nkhwangwa inayo ndainola."

Ndinawauza kuti mlanduwu ndi wa kwathu, asalowerere. Ndinatema kamodzi. Utomoni woyera unatsika pathunthu, ndipo kumwamba kunabuka phokoso. Mbalame zinali zitadzaza mumtengo monse, apumbwa, njiwa ndi tina timene sindidziwa maina, zikulimbirana tizipatso tija tokanika ife anthu. Zinauluka n'kubwereranso nthawi yomweyo, zikusokosera. Ndinaima nkhwangwa ili m'manja. Phokoso limenelo ndinkalidziwa. Linali la kudimba kwa bambo, lomwe lija, ndipo ndinali ndisanalimve chikwatiwireni.

Ndinatsamiritsa nkhwangwa kukhoma n'kukhala pansi. Amuna anga anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kubwerera ku magwafa awo.

Nkhuyu zija sindidzadyanso, ndikudziwa. Mikuyu ilipo yambiri m'madambo muno, ana amandibweretsera nkhuyu m'matumba a malaya, ndimang'amba, ndimauzira, koma si zomwezo, ndipo palibe wondipatsa osanena kanthu. Ndimawasowa bambo anga koopsa. Dimba lija achimwene anabzalamo tomato, chitsa chinapita ku uvuni wa njerwa. Pa zonse zimene zinakhudzapo mtengo uja, chatsala chamoyo ndi chigawenga changachi basi.

Amuna anga anagula peyala wina, anamubzala kutali, kuseri kwa khola, kumene ine sindifikako. Khonde likung'ambikabe. Dzana Tiyamike anandiitana mpaka kupsa mtima kuti ndiwo zikupserera, ine ndili pansi pa mtengo, osamva chilichonse chifukwa cha mbalame. Mukandifunsa zimene ndinaphunzirapo, mwina n'zoti munthu azipukuta misozi asanadule nthambi. Koma m'mawa uliwonse ndimatuluka ndi ndowa, ndimamutukwana kachereyu bwinobwino, kenako ndimamuthirira.