Che Uladi Wokwatitsa Chimanga

Ku Nselema konse munthu wokwatitsa chimanga anali mmodzi basi, Che Uladi. Eetu, ukwati weniweni, iwo nkhoswe yake.

Zinayamba alangizi atabwera ndi mbewu ya haibulidi. Kubereka imabereka, koma m'nkhokwe anankafumbwe amachita nayo phwando. Komanso ukabzala yomwe wakolola, ana ake amatuluka ofooka, ndiye chaka chilichonse kukagulanso ina.

"Mbewu yanji yobereka ana opusa?" anatero Che Uladi. "Imeneyi yangosowa mwamuna wabwino."

Anabzala mzere wa haibulidi, mzere wa chamakolo. Chikamasula, amavala mkanjo wawo wopitira ku mzikiti pa Ijumaa, n'kuthyola ngayaye za chamakolo, kumakagwedezera pa ndevu za haibulidi uku akulangiza: "Mukakhale bwino, osamenyana."

Akazi awo, a Lukiya, amangogwira m'chiuno. "Bambo inu, mwana wanu Sidik sanakwatirebe, inu muli kalikiliki kukwatitsa mapesi?"

"Sidik amandiyankha. Chimanga chili ndi ulemu."

Chaka choyamba zitsononkho zinatuluka ndi mano atatuatatu ngati nkhalamba. Anthu anaseka mpaka ku Liwonde. Kenaka wina anakawanenera kuti akunyoza chitukuko. Anawachotsa mu kalabu ya alimi, feteleza osamuonanso, ndipo anzawo pamsika anayamba kuwapatsa moni wa patali. Masiku amenewo mawu oterowo sankaseweretsa.

Iwo osasiya. Zaka zinapita, mpaka chinabadwa chimene amafuna: chitsononkho ngati mkono, njere zolimba zoti nankafumbwe akaluma amakadandaula kwawo. Anasankha zabwino zokhazokha, n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti zizifukidwa ndi utsi. Sanauze munthu. Akanauza ndani, poti aliyense amangowaseka?

Anamwalira mvula isanagwe. Pa sadaka yawo kunabwera chinamtindi cha anthu, omwe aja amawapatsa moni wa patali, ufa n'kuchepa. Sidik anayang'ana kudenga.

"Amayi, ichi chakuda utsichi n'chantchito?"

"Iyayi, zamasewera za abambo ako izo. Tsitsa."

Anasinja chonse. Azimayi pamtondo anadabwa kuti gaga wake ndi wochepa bwanji. Tinadya, tinanyambita ndi zala zomwe, ena mpaka kufunsa kuti mbewu yake amagula kuti.

Pano chimanga chikamasula, ku munda kwawo kuli zii, mkanjo uja kulibe. Ife tikadali pamzere wogula mbewu, ndi adzukulu a Che Uladi m'mimba.