Zala khumi pa chimbale cha silikoni

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta odzola, ndimayang'ana zala zanga.

Ndinali m'chaka chachiwiri pa yunivesite ku Sheffield, ndikuphunzira zamagetsi, pamene kampani ina ya kufupi ndi Newcastle, yopanga tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta, inandiitana ku intavyu. Ndikapambana, ndiye kuti chaka chonse ndikaphunzira ntchito kumeneko. Ndikalephera, basi, kubwerera konyamula makatoni ku Rotherham, komwe msana unali utayamba kale kudandaula.

Ndinkakhala kwa azakhali anga, namwino pachipatala china mu Sheffield momwemo. M'mawa wa tsikulo kunazizira koopsa, ine ndikungozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Tayi ndinamanga, ndinamasula, ndinamanganso. Ndili pakhomo kuti ndizipita, azakhali anandigwira mkono.

"Iwe, taima kaye. Manja amenewa ukupita nawo ku interview? Watuwa ngati wagona paphulusa! Ufuna azungu aziti kwanu kulibe anthu?"

Anatapa mafuta ndi zala zitatu n'kundipaka okha. (Amene mumawadziwa azakhali achimalawi mukudziwa kuti apa palibe apilo.) M'sitima sindinakhazikike. Ndimati ndikatsegula buku ndatseka, ndikaima ndakhala, uku ndikungotikita manja chifukwa cha mantha. Pofika ku Newcastle zikhatho zinali kunyezimira ngati mandasi ongovuula kumene.

Wondifunsa anali mayi wina, injiniya wamkulu, wolankhula pang'onopang'ono. Mafunso oyamba ndinawakhoza. Kenako anafunsa kuti mdani wamkulu wa silikoni, chinthu chimene amapangira tizipangizo tija, m'fakitale ndi chiyani.

"Fumbi, ndi mafuta a pakhungu la munthu," ndinayankha monyadira. Ndinawonjezanso kuti chala chimodzi chokha chikhoza kuwononga ntchito ya milungu yambiri.

Mayi aja anamwetulira, navala magolovesi, n'kutsegula kabokosi. Anatulutsamo chimbale chopyapyala cha silikoni, chowala ngati kalilole, chimene amadulapo tizipangizo tija. Atachigwira m'mbalimbali mosamala, anatambasulira mkono kwa ine.

Abale, ine ndinaleredwa. Munthu wamkulu akakutambasulira chinthu, suchiyang'ana ngati mlendo. Mutu usanaganize n'komwe, thupi linali litanyamuka kale pampando, bondo lapinda pang'ono, manja awiri alandira. Ndinathokozanso.



"Oh," anatero mayi aja. "I was only showing you."

Ndinayang'ana pansi. Zala zonse khumi zinali zitadinda bwinobwino, moti apolisi sakanavutika. Apa m'pamene ndinachita chopusa chenicheni: ndinachipukuta ndi tayi. (Inde, tayi yomwe ija.) Mafuta anangofalikira chimbale chonse. Mayi aja anati ndisadandaule, chinali chowonongeka kale, amangosonyezera alendo. Koma anachilandira ndi nsonga za zala, ndipo mafunso anathera pomwepo.

Malowo anapatsa wina. Ndinalira ndithu, sindinama, ndipo Loweruka lotsatira ndinali ku Rotherham ndi makatoni anga.

Nditawafotokozera azakhali zonse, anandifunsa:

"Koma unalandira ndi manja awiri?"

"Eya, anti. Vuto lake ndi lomwelo."

"Ndiye problem ili pati? Ntchito zimabwera. Bola sanakuone wotuwa."